Dzuwa la M'chigafa

Ine ndine mayi wa nyimbo, ndinabadwa ndi nthungululu pakhosi. Ukwati ku Manyamula, maliro ku Engutwini, ankandinyamula pa njinga kuti ndikayambitse nyimbo. Koma ino ndi mvula yachitatu ndisanachoke pakhomo. Amuna anga mutu unayamba kutaya zinthu: unataya mayina a ana, unataya njira ya kuchimbudzi, kenako unanditaya ine. Ndikangotembenuka, iwo ali kale mumsewu wa ku Jenda, ati akukasaka ng'ombe zimene zinafa kalekale. Ndiye ndinkatenga chitenje, nsonga ina pamkono pawo, ina pa wanga. Womangidwa anali ndani pamenepo, kaya.

Loweruka lina kunabwera mdzukulu wanga, namwino wa kuboma. Anandionetsa pafoni timadontho tofiira ndi tobiriwira.

"Agogo, uwu ndi ubongo wa mbewa. Kunja akumaziyatsira nyali yophethiraphethira, kenako n'kujambula m'mutu kuti aone ngati matenda oiwala achepa."

"Mbewa imaiwala chiyani? Una wake?"

"Musaseke, agogo. Koma ndi mbewa, kwa anthu sizinadziwike bwino."

Mawu omalizawo ndinawasiya pamphasa pomwepo. Nyali ndilibe, koma chigafa ndili nacho. Fodya akapachikidwa, mphepo ikamugwedeza, dzuwa limaphethira pakati pa masamba, kuwala, mthunzi, kuwala, mthunzi. Mbwenu m'mawa ndinawakokera amuna anga komweko, ndikuimba.

Anakhala pansi. Dzuwalo sanaliyang'ane n'komwe, koma manja awo anapeza singano. Anayamba kusoka fodya, masamba awiri uku, awiri uko, mfundo yawo yakale yomwe ija. Ndinamasula chitenje. Sanadzuke. Ndinavina ine, yewo, ndinavina mpaka fumbi kobo.

Lachinayi ndinavala zoyera zanga, ndinawaunjikira masamba ambiri, ndinauyamba wa kwa amayi anzanga a mpingo. Ndisanafike pamtengo wa mango, ndinamva mapazi kumbuyo. Ndi iwo, singano ili m'manja.

"Mayi, mwathawa ganyu? Nanga tsamba andipatsira ndani?"

Ndinabwerera, ndinavula zoyera, ndinazipinda. Kuyambira tsiku limenelo ndine waganyu wawo, ndimakhala pambali pawo, ndimawapatsira awiriawiri. Ndikaimba amagwedeza phazi. Amanditamanda chomene.

Dzulo anaika singano pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumati mwina andizindikira.

"Mumagwira ntchito bwino, mayi. Akabwera akazi anga ndiwauza akusungeni mpaka fodya athe."

"Yewo, bwana," ndinatero.

Kumunda kwatsala mizere iwiri.