Bondo la a Dzimbiri

Mumsewu monse amawatchula kuti a Dzimbiri, ndipo wina asayerekeze kuseka. Manja awo akuda aja adzutsa makina osokera opondaponda ambirimbiri, makina omwe eni ake anataya kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikirapo mazira. Iwo amakawatola, kuwaviika m'palafini, kuwapala, kuwathira mafuta, mpaka chitsulo chiyambenso kuyenda. Kachipinda kawo n'kodzaza: mitu ya makina pansi pa benchi, miyendo yachitsulo yotsamira khoma, mabobini m'chitini cha penti. Polowa umachita kupendekeka.

Lamulo lawo ndi limodzi chiyambire unyamata: makina satuluka pakhomo asanawaponde okha n'kusokera nsalu yokhuthala yopindapinda.

Koma bondo latopa. M'mawa limakana, masana limatupa. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, wakhala akuwachonderera kuti atseke akakhale kwa iye, makinawo apite kwa ogula zitsulo. A Dzimbiri anamuyankha kuti tsiku limene makina okonza iwo adzabwezedwe, adzapereka okha kiyi wa kachipindako. Analankhula motumbwa, poti panalibe amene anabwezapo.

Ndiye tsiku lina masana pakhomo panaima wilibala. Woikankha anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu akazi awo, telala wa kumsika, mayi wa pakamwa posatseka. Pa wilibalapo panali makina omwe anamukonzera sabata yathayo. Anayambira panja kudandaula kuti lamba akuterereka, akaponda gudumu likuzungulira koma singano ikuchita ulesi, mayunifolomu a ana a eni angounjikana.

A Dzimbiri anati vuto ndi mapazi ake, amaponda ngati akupha njoka.

"Alamu, musandipusitse," anatero telala uja, akukoka lamba ndi chala chimodzi. "Lamba uyu munayezera bondo lanu, osati makina anga."

A Dzimbiri anagwira lambayo. Zinali zoona, kungoti sankadziwa kuti anayamba liti. Makina akalemera powayesa, dzanja linkangosiya lokha lamba motalikirako kuti mwendo upumeko. Makina ankapepukadi, koma mphamvu yosokera n'kuthera panjira.

Anamasula kawaya kolumikizira, anadula lamba, anaboola, n'kulumikizanso molimba monga mmene ziyenera kukhalira. Kenako anakhala pampando naponda. Chopondera chinatsika theka, bondo linabaya mpaka m'chiuno. Anayesanso atalumira mano. Gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka.

Sanatukwane, iwo amene amatukwana ngakhale sikulu ikagwa pansi. Anangopisa m'thumba, kutulutsa kiyi, n'kumuuza mlamuyo kuti akapatse namwino.

"Tadzukani apo, nkhalamba inu," anatero telalayo, kiyi osamuyang'ana n'komwe.

Anabwezeretsa ulusi m'singano, anakhala, nayamba kuponda. A Dzimbiri anaimirira pambali manja ali lende. Kenako khutu linawakoka. Anawerama pafupi ndi mutu wa makina, anamva kachitsulo kakugogoda pansi, namuuza kuti achepetse. Anamanga sikulu imodzi, anadonthezera mafuta. Nsalu yopinda ija inadutsa, msoko uli mowongoka.

Telala anapukuta thukuta nati makina amenewa sawakankhanso kubwerera kumsika, wilibala yamuthyola msana, ndipo khonde lino lili ndi mthunzi kuposa pomwe amakhala. Azisokera pomwepa. Makina ena akafuna kuyesedwa, mwendo ukhala wake, khutu lawo.

"Komatu abwezedwa," anatero a Dzimbiri motsitsa. "Ndinalonjeza mwana uja."

"Wabweza ndani? Ine ndasamuka. Koma mukadzangondilalatira, kiyi ndikapereka ndekha, ndipo ndidzathamanga."

A Dzimbiri anakhala pabenchi, anatambasula mwendo nayamba kuusisita. Sanathokoze. Anausa moyo, n'kumuuza kuti asunthire makinawo kumanzere, chifukwa mvula ikamagwa mbali inayo pamadontha.