Nebert ndi Diresi la Adona

Nebert anabadwira kuno komwe, kuseri kwa Mitundu, ngakhale mwiniwake sankafuna kuti zimenezi zizimveka. Ali mnyamata anathawa khasu n'kupita ku Zomba, komwe anapeza ntchito yosesa pa shopu ina yochapa masuti. Yosesatu, osati yochapa. Koma makutu anali nawo, ndipo tsache likamayenda iye ankatola mayina a mabotolo a pa shelefu: benzini, amoniya, asetoni. Mayina atatuwo ndiye inali sukulu yake yonse, koma ankayenda nawo ngati munthu wochokera ku Mangalande.

Atachoka pamenepo analembedwa ntchito yochapa ndi kusita kwa a Orton Chavula, bwana wina wa m'boma wa ku Rumphi, ndi adona awo a Janeth. Boma litasamuka, a Chavula anapatsidwa ofesi ku Capital Hill ndi nyumba ku Area 43, ndipo Nebert anabwera atakhala pamwamba pa matiresi kumbuyo kwa lole. Anatsika ali psuu ndi fumbi n'kuyamba kulitukwana ngati lachilendo, chonsecho ndi lomwelo anakwawapo ali khanda.

"Kuno ndi kutchire," ankatero. "Ku Zomba ngakhale mphepo ndi yaulemu."

Mkazi wake Elube, Nebert anamupeza mu Msika wa Lilongwe akugulitsa mtedza pa benchi la amayi ake, a Naphiri. Anali mtsikana wa banja lake, lodya zolima lokha, losapempha mchere kwa munthu. Tsiku limenelo bulauzi yake inadonthera mafuta a mandasi. Nebert anatulutsa kabotolo m'thumba, n'kunyowetsa mpango, n'kupukuta, mafuta aja balala.

"Benzini ameneyu, chemwali. Mafuta amamuopa."

Atsikana amapusa ndi zinthu zazing'ono.

Nkhani ya ukwati itafika kumudzi kwa mtsikanayo, cha ku Mitundu komweko, a Chikaonda, amalume ake a Elube amene anali eni mbumba, sanazungulire. Kwathu kuno mwamuna amabwera kwa mkazi, n'kumanga nyumba, n'kulima munda wa apongozi. Nebert anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iye khasu? Manja ogwira makolala a mabwana? Anapempha chitengwa, ponena kuti ali ndi nyumba ya magetsi ndi mpopi pakhomo. Nyumba yake inali kachipinda kamodzi kuseri kwa khitchini ya eni ake, kaja amati boyizikota.

"Mtengeni," anatero a Chikaonda. "Koma tsiku lomwe denga limenelo lidzakuchokereni, mwana wathu sakagona m'makhonde a ku Kawale. Adzabwere kuno ndi ana ake, inu pambuyo, khasu paphewa."

Nebert anavomera mofulumira, poti ankadziwa kuti adona sangakhale tsiku limodzi popanda iye.

Tisamunamizire, kuchapa ankatha. Thukuta la m'khwapa mwa malaya a bwana ankalichotsa ndi amoniya, misozi ili chuchuchu chifukwa cha fungo lolasa m'mphuno, iye n'kumati ndiye mphamvu yakeyo. Kyuteksi, utoto uja adona ankapaka m'zikhadabo wonunkhira ngati nthochi yakupsa kwambiri, inagwerapo pa shiti ya bedi, ndipo asetoni anaichotsa shitiyo n'kuyera mbee. Kuyambira pamenepo munthu sakanamuuza kanthu. Alonda ndi osamalira maluwa a m'nyumba zoyandikana ankamuthawa pa geti, chifukwa moni yekha ankasanduka phunziro la mabotolo. Ngakhale mwana wawo Lexon atabadwa, bambo anafuna kuchapa matewera ndi mankhwala, mpaka Elube anachita kubisa botolo m'thumba la ufa.

Ndiye kunabwera ukwati wa mlongo wawo wa bwana. Adona anali ndi diresi lobiriwira, loterera ngati khungu la mlamba, lonyezimira, lomwe a Chavula anagula kunja pamene anapita ku maphunziro. Kutatsala pang'ono kuti ukwati uchitike, analiyala pa bedi kuti aliyang'ane uku akupaka zikhadabo. Chigongono chinagunda kabotolo, kyuteksi yofiira n'kutayikira pachifuwa penipeni pa diresi.

"Nebert! Tenga ili upite nalo ku City Centre kwa ochapa masuti. Usaliyese ndi kanthu, wamva? Nsalu iyi si ya mashiti."

"Ndamva, dona."

Galimoto ya adona itangotuluka pa geti, Nebert analowa nalo diresi ku boyizikota, nkhope itatupa.

"Ati ndipite nalo kwa anyamata a dzulo aja. Ine! Pamene iwo ankayamwa, ine ndinali kale pakati pa mabotolo."

"Pakati pake ndi tsache," anatero Elube, akupeta mpunga pakhomo. "Bambo a Lexon, achita kukuuzani eni ake. Kwerani njinga."

"Iwe za mankhwala ukudziwapo chiyani? Ukanakhala mtedza ndikanakufunsa."

"Mtedzawo sunandichotsepo pakhomo."

"Taona kuno uphunzire. Kyuteksi mdani wake ndi asetoni. Adona akamabwera alipeza lili pa hang'ala, n'kudziwa kuti m'nyumba muno muli munthu."

Anayala diresi pa tebulo, n'kuthira mankhwala aja mosaumira. Fungo lozuna linadzaza kachipinda. Kufiira kuja kunayambadi kusungunuka, ndipo Nebert anatembenuka kuti aone ngati mkazi wake akuona. Atabweza maso, nsalu inali itada, itafota, ikumata ku mpango ngati ulimbo. Anapukuta mwamphamvu, chala n'kutulukira kuseri. Munthu wanzeru akanaleka pomwepo. Iye anaganiza kuti mankhwala achepa, n'kuthiranso. Bowo linakula mpaka nkhonya kulowa, ndipo m'mbali mwake mutauma munachita gwa ngati pulasitiki wopsa.

Asetoni uja amadya utoto wa zikhadabo, inde, koma nsalu zina zonyezimirazi amazidyanso chimodzimodzi, poti iye sasankha. Eni shopu ku Zomba ayenera kuti ankanena zimenezi, koma tsiku limenelo Nebert anali akusesa panja.

Adona atabwera madzulo, analinyamula diresi n'kusuzumira pa bowo. Sanakuwe. Anangofunsa kuti chachitika n'chiyani.

Apa ndiye pamene Nebert anaonetsa chimene anali. Anagwada pa simenti n'kuloza mkazi wake, mayi wa mwana wake.

"Ndi uyu, dona. Ndinangolisiya pang'ono, iye n'kuliika simbi ya makala. Anthu a kumudzi awa, dona, zinthu za ulemu sazidziwa."

Elube anali ataima pakhomo, Lexon kumsana. Ana a m'banja limenelo sanaleredwe kuti azikangana ndi amuna awo pamaso pa alendo.

"Tambasula manja, Nebert," anatero adona.

Nebert anatambasula. M'zikhadabo zake zonse munali mutamatirira nsalu yobiriwira, itauma gwa.

"Diresi ndikanakukhululukira, Nebert. Koma munthu wonamizira mkazi wake, mawa adzanamizira ana anga. Mwezi uno usathe uli pano."

Atabwerera ku boyizikota anapeza Elube akumanga mapoto m'chitenje.

"Amake Lexon, tamvera. Ku Kawale kuli mnzanga, atisunga pakhonde pake mpaka nditapeza pena. Mabwana akubwerabe kuchokera ku Zomba, ndipo onse akundidziwa."

"Akudziwani kumene. Pofika mawa adziwa Area 43 yonse." Anamanga mfundo n'kusenza. "Amalume ananena. Ine ndatsogola, anthu a kumudzi ife."

Anayesa ndithu. Anagogoda pa mageti a ku Area 10 ndi ku Area 12, koma alonda aja ankawatopetsa ndi maphunziro anali atafalitsa kale mbiri, ndipo aliyense ankamufunsa ngati wabwera ndi botolo lake. Mvula yoyamba isanagwe anatsika basi pa Mitundu, sutikesi m'manja. A Chikaonda anamulandira bwino, n'kumuonetsa pomanga nyumba ndi pamene munda wa a Naphiri unayambira.

Anakhala mkamwini mpaka imvi. Mizere yake inali yokhota moti anthu odutsa ankaima n'kumaloza, ndipo akaona apongozi ake akubwera m'njira, ankapatukira m'tchire monga mwa mwambo, bwana wa ku Zomba ali njo m'chisoso mpaka adutse. Ana ake onse anakula bwino, anzeru ndi olimbika ntchito. Anatengera kuchikazi.