Diresi la Mwana wa Sayeza

Mlongo wanga wondiponda pamutu anabadwa pa 9 Malichi 1958, ndipo anakhala telala moyo wake wonse. Anthu ankamutcha Sayeza chifukwa sankagwira tepi yoyezera. Ankangokuyang'ana kuchokera paphewa mpaka kumapazi, n'kudula nsalu, ndipo chovalacho chinkakukhala ngati unabadwa nacho.

Matenda a maganizo anamuyamba mu Juni 1983. Akamudzuka ankasoka osadya, osagona, akulankhula ngati wailesi, kenako ankadzitsekera m'chipinda osafuna kuona munthu. Zovala zimene anthu amazikumbukabe anazisoka m'masiku oterowo, motero makasitomala ankanena poyera kuti misalayo ndiyo luso lake. Onenawo sanamufunefunepo m'misewu ali wopanda nsapato. Mankhwala a kuchipatala anamukhazika mtima pansi, koma anamusiyira manjenje m'manja. Anasiya madiresi, n'kumangopinda mathalauza ndi kusoka zigamba.

Mwana wake mmodzi yekhayo anali woti akwatiwe pa 22 Ogasiti 2009. Lolemba pa 10 mlamu wanga anabwera kwathu milomo ili gwaa, nandiuza kuti wapeza mapilisi a mwamuna wake atabisidwa m'kachitini ka mabatani, osamwedwa.

Ndinapita kushopu. Mathalauza a eni ake anali mbwee pansi. Patebulo anali atayala nsalu yoyera imene akuchimuna anagula, imodzi yokhayo, atailembalemba ndi choko mpaka m'mphepete. Maso ake anali psuu, sizasi ili m'manja. Wometa wa khomo loyandikana anaima pakhomo akusekerera, akuuza odutsa kuti Sayeza wakale uja wabwerera.

"Achemwali, taonani," anatero mlongo wanga, natambasula dzanja lamanzere. Silinkanjenjemera ngakhale pang'ono. "Mukufuna mwana wanga avale diresi losokedwa ndi manja a nkhalamba?"

Ndinamuuza kuti chimene ndikufuna n'chakuti tsikulo adzakhale m'tchalitchi, osati pabedi la chipatala. Anaseka mokweza, nati ine zaka zonse zauphunzitsi ndinkangochonga za ena ndi inki yofiira, chopanga ndekha palibe. Zinandibaya, koma maso anga anali pa sizasi.

Mwanayo anafika ndi mayi ake. Anandipatsa moni mwaulemu, "Azakhali," kenako anavula nsapato, nakwera patebulo, nakhala pansalupo.

"Tsika, ufufuta mizere," anatero bambo ake.

"Bambo, mukaidula musanamwe mankhwala, sindivala. Ndikabwereka kwa telala wa tsidya la msewu uja."

Telala ameneyo mlongo wanga ankamutcha wosoka matumba, ndipo ankati sadziwa n'kulowetsa ulusi komwe. Anayandikira tebulo, sizasi ili yasaa, nsonga yake pafupi ndi bondo la mwanayo. Wometa uja anazemba. Mlamu wanga anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Mwanayo sanasunthe.

Mlongo wanga anatseka sizasi, naitsegulanso. Anayamba kufotokoza mothamanga mmene manja a diresilo adzagwere, mmene mchira udzayendere pambuyo, nati zonsezi akuziona bwinobwino tsopano, koma akamwa mapilisi zizima ngati nyali. Mwanayo anayankha kuti akudziwa, ndipo zizime.

Sizasi ija mlongo wanga anapatsira ine, chogwirira chili kutsogolo, monga ankaphunzitsira ana. Anaitanitsa madzi.

Pilisi limodzi silikanabweza matenda amene anali atadzuka kale. Pa 13 tinamugoneka kuchipatala, ndipo anamutulutsa pa 21. Nsalu ija mlamu wanga anaipinda mosamala kuti choko chisafufutike, naipereka kwa wosoka matumba yemweyo, amene anadula motsata mizere ya mnzake.

Loweruka mlongo wanga analowetsa mwana wake m'tchalitchi, dzanja likunjenjemera pamkono wa mkwatibwi. Atakhala pansi pafupi nane anayang'ana diresilo nthawi yaitali, kenako anandikodola.

"Achemwali, mpendero wakumanzere wagwa."

Ndinati palibe amene waona.

"Ine ndaona," anatero, natsegula buku la nyimbo.