Umboni wa Akazi Anga pa Mlandu wa Nkhuku

Chaka chimene unga wophikira nsima unkasowa m'masitolo, ine ndinali telala kukomboni ya Chawama. Ndinkadziona ngati katswiri wa ndale mumsewu wathu wonse, chifukwa ndinkawerenga manyuzipepala akale amene makasitomala ankakulungira nsalu zawo.

M'mawa wina tili pamzere wa unga, mlonda wa sitolo anatuluka n'kunena kuti matumba atha. Mtima unandiwira. Ndinakwera pamwala n'kukuwa kuti dziko lino likuyendetsedwa ndi munthu woti ngakhale nkhuku sangawete. Anthu anaseka, kupatula bambo wina wa jekete lakuda. Anali wapolisi. Anandigwira palamba mpaka kusiteshoni, ati ndanyoza mtsogoleri wa dziko.

Alamu anga atandiperekera belo, ndinayamba kuyenda chifuwa patsogolo. Ndinakonza zokalankhula kukhoti, zonena za njala ndi ufulu wa munthu wosauka, n'kumaziyeserera pagalasi loyesera zovala. Nthawi zina ndinkadzigwetsa misozi ndekha.

Boma linandipatsa loya waulere, mayi wooneka wotopa. Ndinangoyamba kuwalakatulira mawu anga, iwo n'kukweza dzanja.

"Ba telala, kudandaula njala si mlandu. Mlandu ni kuipitsa dzina la munthu. Munatchula dzina?"

"Ayi, koma aliyense anadziwa kuti ndikunena..."

"Osatsiriza. Kukhoti mukakhale zii."

Tsiku la mlandu ndinavala suti ya kasitomala amene anali asanaitenge. Loya anafunsa wapolisi uja ngati ndinatchula munthu, iye n'kuvomera kuti sindinatchule. Kenako anaitana mboni yathu, akazi anga. Ine ndinawongola khosi, poganiza kuti tsopano khoti limva za kulimba mtima kwanga.

"Mawu awa a nkhuku munawamvapo kale?" anafunsa loya.

"Tsiku lililonse," anatero akazi anga. "Ba landilodi sangawete nkhuku. Ba busa sangawete nkhuku. Na wowerenga nkhani pa wailesi, nayenso sangawete nkhuku."

"Nanga iwo anawetapo?"

"Anayesako. Zinatha na chitopa."

"Akamakamba vinthu ivi, anthu amawamvera?"

"Ba loya, olo ana m'nyumba samvera."

M'khoti monse munali phwete. Majisitireti anaweramira pamapepala, mapewa akugwedezeka. Pogamula anati m'mawu anga munalibe dzina la munthu, komanso palibe woganiza bwino amene angasiye kulemekeza mtsogoleri chifukwa cha zonena za munthu ngati ine. Ndinalibe mlandu.

Ndinaimika dzanja kuti ndinenepo kanthu, koma loya anandiponda phazi.

M'minibasi sindinawalankhule akazi anga. Ndinkangoyang'ana pawindo. Ndinapita kukhoti ngati munthu woopsa ku boma, ndikubwerako boma litatsimikiza kuti ndine wongobwebweta.

"Mwakwiya?" anandifunsa akazi anga. "Sembe ninakamba kuti ndimwe anzeru, lelo mukanagona kujele."

Titatsika ndinawasiya m'mbuyo, n'kuyenda mothamanga kuti aone kukula kwa mkwiyo wanga. Nditafika pakhomo m'pamene ndinakumbukira kuti kiyi ali ndi iwo. Ndinakhala pakhonde kuwadikira. Iwo anabwera pang'onopang'ono, akuima pageti lililonse kufotokozera aneba mmene mlandu wayendera.