Tsiku Limene Ndinagwada pa TV

Pa puloti yathu ku Zingwangwa panali nyumba za lendi zisanu ndi imodzi, koma TV inali imodzi yokha, ya alandilodi. Anali mayi wamasiye, wolusa pakamwa koma wabwino mtima, ndipo TV yawoyo ankaifunditsa kansalu koluka ngati ingamve kuzizira. Masiku ena onse ana tinkangoimvera pazenera. Loweruka m'mawa ndi pamene ankatitsegulira chitseko, chifukwa kunkakhala pulogalamu ya ana. Lamulo linali loti usanaponde simenti yawo yopaka polishi wofiira, uyambe watsuka mapazi pampopi. Sindikunama, panali ana ena amene mapazi awo ankakumana ndi sopo Loweruka lokha.

Pulogalamuyo sankaijambuliratu. Zimene zinkachitika ku situdiyo ndi zomwe tinkaona nthawi yomweyo, ndipo n'chimene tinkaikondera. Mwana ankatha kuiwala nyimbo pakati, wina kulira kufuna amake, wina kutokosa m'mphuno dziko lonse likuona. Woyendetsa anali mayi wina wanthabwala amene tonse tinkangoti anti a pa TV, ndipo chilichonse chikasokonekera ankangoseka n'kupitiriza. Ana anga lero amabwereza chinthu chimodzi kakhumi pa foni. Zathu zija zinali madzi, akatayika sawoleka. Akakutuma ku okala pakati pa pulogalamu, waphonya basi, uzikamva kwa anzako.

Ndili Sitandade 5, madamu athu a Chichewa anabwera ndi uthenga woti sukulu yathu yaitanidwa ku pulogalamu ija. Anasankha ana khumi oimba, ndipo ine anandipatsa ndakatulo ya kusamba m'manja kuti ndikanene ndekha.

Mayi anga ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, ndipo Loweruka ndilo tsiku limene malonda amayenda. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo atajomba Loweruka, ngakhale malungo atawagwira. Ndinawauza nkhaniyo akupukuta mbale.

"Ndiye kuti benchi ndiivundikira," anatero. "Ndikufuna ndidzaone nkhope ya mwana wanga mugalasi muja."

Sanalekere pomwepo. Anakapempha malo kwa alandilodi, anauza anzawo a kumsika, anauzanso amayi a kumpingo. Pofika Lachitatu, ngakhale bambo wowotcha chimanga pasiteji ankandifunsa kuti zokonzekera zikuyenda bwanji.

Sabata imeneyo ndinali ndi aphunzitsi awiri. Kusukulu madamu ankandiuza kuti, "Iyi ndi layivi, sabwereza. Ukayamba usakalekeze, ngakhale denga ligwe." Kunyumba mayi analibe nayo ntchito ndakatulo, iwo yawo inali ya ulemu.

"Kumeneko kuli akuluakulu. Akakakupatsa chinthu, ukalandire ndi manja awiri. Akamakulankhula, usakangoti njo ngati polo ya magetsi. Usakandichititse manyazi, wamva?"

Ndinawamvera onse awiri, mawu ndi mawu, ndipo m'pamene panagona vuto.

Tsikulo litafika, mayi anasita yunifolomu yanga ndi simbi ya makala, anandipatsa masokosi oyera atsopano, n'kundipaka mafuta kumaso mpaka ndinkanyezimira ngati chitumbuwa. Tinakwera minibasi ndi madamu, tonse tili duu, aliyense akuopa kudetsa zovala.

Situdiyo inandikhumudwitsa pang'ono. Pa TV inkaoneka ngati holo, koma kanali kachipinda kotentha ndi magetsi owala, pakhoma atajambulapo dzuwa, phiri ndi mbidzi. Kamera inali imodzi, chimphona cha miyendo itatu. Bambo woigwira anandiimika pamene anamatapo tepi pansi, n'kusuzumira m'kamera mwake, n'kumanga chinachake molimba kuti ilunjike pankhope panga.

"Nthawi yako ikakwana uime pomwepa. Usasunthe."

Anzanga anaimba, zinayenda bwino. Kenako anti a pa TV ananditchula, ndipo ndinakaima pa tepi paja. Anabwera pafupi akumwetulira, akununkhira bwino, n'kunditambasulira maikolofoni. Munthu wamkulu, wodziwika dziko lonse, akundipatsa chinthu. Thupi langa silinadikire kuti mutu uganize. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndipo poti iwo anali chiimire pambali panga, ndinaona kuti kudzuka kukhala mwano. Ndinayamba ndakatulo ndili chogwada.

Anti ananong'ona kuti, "Dzuka, mwanawe," koma ndinali nditayamba kale, ndipo denga linali lisanagwe. Bambo wa kamera ankakweza dzanja m'mwamba mobwerezabwereza. Ine ndinati akufuna ndikweze mawu, ndiye ndinakweza. Akakwezanso dzanja, ine n'kuwonjezera. Ndime yachitatu ndinainena mokuwa ngati kondakitala woitanira anthu a ku Limbe. Ndinkamuona akulimbana ndi chomangira chija thukuta lili kamukamu, koma sindinadziwe kuti akuvutika chifukwa cha ine. Nditamaliza ndinadzuka bwinobwino n'kubweza maikolofoni, mtima uli m'malo.

Anti anandikumbatira akuseka mpaka misozi. Anatipatsa aliyense banzi ndi chakumwa cha m'botolo. Mu minibasi madamu anangoti, "Mawu onse unawakumbukira," akuyang'ana pazenera.

Zoona zake ndinakazimva pa puloti. Ndisanalowe n'komwe pageti, ana amene anali pampopi anayamba kuimba kuti masokosi afika. Alandilodi anatuluka akudzipukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Iwe mwana, unalowa m'dzenje kodi? Tangokuona kamphindi ukubwera chammbali, basi wasowa. Ife kumangoonera mbidzi ikunena ndakatulo. Ndiye kamera ija pomwe imati itsike ikupeze, iwe n'kudzuka. Taona masokosi okhaokha, kenako aika makatuni."

Anandiuzanso kuti m'nyumba mwawo munadzaza, ena anaima pakhonde, ndipo mayi anawakhazika pampando wa kutsogolo penipeni.

Ndinaganiza za tomato amene anali kufewa pansi pa chiguduli kumsika, ndi za amayi a kumpingo amene adzakumane ndi mayi mawa lake. Mayi anataya Loweruka lawo kuti aone nkhope yanga, ndipo ine ndinawaonetsa masokosi amene anagula okha. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba yathu, pamene tinkayanika zovala, ndipo ndinalira.

Mayi anandipeza komweko. Anali atavalabe chitenje chawo cha kutchalitchi, chimene ankachivala Lamulungu lokha. Ndinadikira kuti akalipe, koma anangogubuduza ndowa n'kukhalapo.

"Ukulira chiyani?"

"Simunandione."

"Ee, sindinakuone. Ndinayandikira mpaka alandilodi anandikoka, ati ndikutchinga anthu."

"Mwachita manyazi."

"Manyazi a chiyani? Anakuuza zogwada ndani? Si ine?" Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Koma mawu aja, iwe. Muno m'nyumba umalankhula ngati wabwereka pakamwa. Ndinachita kufunsa amene ndinakhala nawo pafupi kuti kodi ameneyu ndi wanga yemwe uja."

Ndinkawakonda mayi anga, koma mpaka tsiku limenelo ndinkawaopa kwambiri kuposa kuwakonda, ndipo ndikuganiza kuti iwo ankadziwa.

Anasuzumira padzuwa, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza zothamangira kumsika kuti akapulumutseko masana. Koma sanadzuke. Anakonza chitenje chawo pamaondo, n'kuloza pakati pa zingwe zoyanikira, pamene panalibe zovala zonditchinga.

"Kaime apo, ndikuone bwino. Uyambire poyamba penipeni. Ndipo usagwade."