Mphuno ya Chiboliboli cha pa Mzimba

Ndinanyamuka pa Kasungu 7 koloko m'mawa. Mawa lake ndinkayenera kukaonekera koyamba kwa bambo ake a NyaMoyo, bwenzi langa, ku Engutwini. NyaMoyo anati ndiyambe ndaima pa boma la Mzimba, pomwe pali chiboliboli cha munthu wovina ingoma, ndigule kofanana nacho kakang'ono kwa mmisiri wake. "Adada amachikonda," anatero. Chifukwa chake sananene.

Kondakitala wa minibasi anati K6,000. Ine wogulitsa kaunjika, mtengo woyamba sindiumva. Ndinamuuza kuti mpando wake ukundiboolera thalauza, tinathera pa K5,000. Pa Jenda ndinanyoza chimanga chootcha mpaka mayi wogulitsa anandiponyera ziwiri pa mtengo wa chimodzi, akung'ung'udza m'Chitumbuka.

Tinafika chakumasana. Abale, chinthucho mukachione. N'chasimenti, chachitali kuposa denga la golosale, mwendo umodzi uli m'mwamba ngati chiponda pansi pompano. Chishango chakuda ndi choyera, nthenga kumutu, mikanda yofiira pachifuwa. Ndinachizungulira katatu, kukamwa kuli yasa.

Mmisiriyo, a Tembo, anali pansi pa mtengo akupenta tating'onoto. Pambali pawo panali mkulu wina akusenda nzimbe.

"K15,000, dada," anatero a Tembo.

Matenda anga anandigwira. "Penti ili bwino, koma mphuno mwaikhotetsa. Ngakhale chachikulu chija. Munthu wa mphuno yotere alipo?"

A Tembo anaika burashi pansi. "Alipo. Ndinawakhazika masiku anayi ndikuumba nkhope yawo. Ndi awa, a Moyo a ku Engutwini."

Mkulu uja anatembenuka. Mphuno yake inali yomweyo, yoloza ku Zambia.

"Inandimenya ng'ombe ndikuimanga pa goli," anatero mofatsa. "Nanga inu ndinu a kuti?"

Bodza linafika pakamwa, koma mawa likanandipeza. Ndinagwada pafumbi pomwepo. "Ndine wa ku Kasungu uja mukumudikira mawa."

Anaseka mpaka kutsamwa nzimbe. "Mbwenu mkamwini wanga ndi ameneyu. Ubwere ndithu. Koma ukakayamba kunenerera pa malowolo, mphunoyi idzakhala ndi ng'ombe yakeyake."

Kachiboliboliko ndinakagula pa mtengo wonse, ndili chete, koyamba m'moyo wanga. A Tembo anakakulunga m'nyuzipepala akugwedezeka ndi phwete.

Mukapita ku Mzimba, nenererani tomato ndi minibasi. Koma musananyoze katundu, yambani mwayang'ana amene wakhala pambali pake. Katundu wina ali ndi abale.