Msewu Umene a Mapazi Sanayende

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Mapazi, ndipo dzinali silinawaphonye. Zaka makumi awiri ankawerenga mamita a madzi khomo ndi khomo, agalu ali pambuyo. Ntchitoyo itatha ndinati basi, miyendo ipume. Ndinadzinamiza. Bungwe lina lothandiza anthu osaona linawatenga, ati likufuna munthu wodziwa misewu.

Ntchito yake ndi yoyenda ndi foni m'manja, kulemba chilichonse chimene chingapunthwitse munthu: ngalande yosavundikira, mzati wopendekeka, benchi ya wosoka nsapato, mulu wa mchenga. Akalemba, pulogalamu ya m'foni imakawauza osaona m'khutu kuti, "Dzenje kumanzere, khotani pang'ono." Koma tauni simva, abale. Lero mwalemba, mawa wina wakumba. Ndiye Lolemba lililonse amayambiranso, misewu makumi atatu, munthu wa zaka sikisite.

Akafika kunyumba amangoti khu pampando, mapazi m'beseni. Ine n'kumawanena, "Bambo, anzanu akukalamba ndi mimba, inu ndi zikang'a." Kuseka kwawo kumangothera m'mphuno.

Mwa anthu odalira foniyo muli mayi wina, mphunzitsi, amene maso anafa ali wamkulu kale. Anakhala m'nyumba zaka zisanu, kudikira wowagwira mkono. Foni itabwera anayambanso kupita okha kusukulu, ndodo yoyera patsogolo. Sankadziwa n'komwe kuti kuseri kwa mawu a m'foniwo kuli nkhalamba yoyenda wapansi.

Mlungu wina amuna anga mawondo anatupa. Msewu wotsiriza, wachitunda, wa kuseri kwa sukulu, anangouyang'ana ali m'munsi n'kudina pafoni kuti zonse zili bwino. Anandiuza okha tsiku lomwelo. Ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati, "Mwachita bwino, msewu suthawa." Lachitatu aphunzitsi aja anagwera m'ngalande imene okonza mapaipi anasiya atakumba, ndipo mkono unathyoka.

Kuofesi anangoti mwina makina analakwitsa. Nkhani ikanathera pomwepo, koma a Mapazi chakudya chinakana kutsika. Ndinawaperekeza kuchipatala kukaona aphunzitsiwo, chifukwa paokha akanabwerera pachipata.

Tinapeza aphunzitsi ali gone, mkono uli m'pulasitala, mkulu wawo atakhala pambali akuwakalipira.

"Ndinanena ine kuti makina si munthu," anatero mkulu wawoyo. "Ukatuluka muno za sukulu uiwale, uzikhala pakhomo."

"Mwina mukunena zoona, achemwali," anayankha aphunzitsi ndi mawu olefuka. "Foni yandinamiza. Ndingaponde bwanji pamene yandiuza kuti ndiponde? Ndatopa nazo."

Ndinawatsina amuna anga pantchafu kuti akhale chete. Ndinkaopa, sindibisa. Munthu wa zaka sikisite akachotsedwa ntchito, amulembanso ndani?

Sanandimvere. "Mayi, foni sinaname," anatero. "Misewu imene imakuuzaniyo ndimayenda ndine, n'kulemba. Umenewo sindinayende. Ndinatopa, ndinangodina. Pepani."

Mkulu uja anadzuka, mawu ali kale pakhosi, koma aphunzitsi anakweza dzanja labwinolo.

"Ndiye kuti tsiku lililonse ndimatsata inu?"

"Eya, mayi."

"Misewu yonse ija, wapansi? Nokha?"

"Ndekha."

Aphunzitsi analozetsa nkhope kudenga.

"Makina akanama sindidziwa chochita nawo," anatero. "Koma kutopa ndikukudziwa, bambo. Tsiku limene simunayende, muzingolemba kuti simunayende. Ndodo ndili nayo, ndizifufuza ndekha. Musandiuze kuti kuli bwino kumene simunafike." Kenako anatembenukira kwa mkulu wawo. "Achemwali, pulasitala akachotsa ndikubwerera kusukulu."

Ine manyazi anandigwira mpaka m'zala zimene ndinatsinira zija. Tinatuluka, iwo patsogolo akukoka mwendo, ine pambuyo. Ndinkafuna tikwere basi, akapume. Titangodutsa pachipata anaima, napuma mozama, n'kupisa m'thumba kutulutsa foni. Wina anali atatsitsa njerwa pakati penipeni pa njira ya anthu oyenda pansi.